Tsiku Limene Ndinamusankhira Mwale

Ana anga, mutu uno ndaulemba katatu, ndipo kawiri konse ndinaung'amba. Ukunena za chithunzi chija chili pabalaza pathu ku Riverside, cha amayi asanu ndi awiri akuyenda pamchenga wonyowa, mabeseni ali pamutu, dzuwa likutuluka m'nyanja kumbuyo kwawo. Alendo akachiyamikira inu mumathamangira kunena kuti, "Anajambula ndi adadi," ine n'kungotsokomola. Sindinajambule ine. Anajambula ndi Lameki Mwale, munthu amene ndamuchitira nsanje zaka zoposa makumi atatu, ndipo nyumba imene munakuliramoyi ndinaipeza chifukwa cha chithunzi chimenecho. Werengani mpaka kumapeto musanandiweruze, ngakhale ndikudziwa kuti mukafika kumapetoko mundiweruzabe.

Wusakile, chaka chimene ndinalowa ntchito

Agogo anu anagwira ntchito pansi pa mgodi wa mkuwa, tikukhala kukomboni ya Wusakile kuno ku Zambia, mpaka chifuwa chinawatha, ndipo analumbira kuti mwana wawo sadzatsika shafuti. Nditamaliza sukulu anandigwira padzanja ngati kamwana n'kupita nane ku ofesi ya nyuzipepala ya kampani ya mgodi, kumene kunkafunika munthu wotsuka mafilimu. Zaka ziwiri zoyamba kamera sindinaigwire. Ndinkakhala m'chipinda chamdima, kusakaniza mankhwala, kuyanika zithunzi za anthu ena pachingwe, zala zanga n'kusanduka zachikasu mpaka amayi anu, tili pachibwenzi, ankaganiza kuti ndimasuta fodya mobisa. Wojambula wamkulu atapuma, bwana wathu Ba Chilufya, mkonzi wa nyuzipepalayo, anandiponyera kamera patebulo nati, "Ba Sakala, tiyeni tione ngati muli na menso."

Maso ndinali nawo, koma chimene ndinkadalira kwambiri ndi khama. Kampani inkakonda zithunzi za kutuluka kwa dzuwa, chifukwa m'mawa ndi pamene mgodi umaoneka ngati malo abwino: utsi uja wotsokomoletsa wa kosungunulira mkuwa, umene timati senta, umafiira bwino, nsanja ya shafuti n'kuima bii kutsogolo kwake, ndipo palibe amene amaona dzimbiri. Choncho ndinagula kabuku kachikuto chakuda n'kuyamba kulembamo malo. Ndinalemba poima mwezi wa Juni, dzuwa likamatulukira chakumpoto, ndi poima mu Disembala likasendera kummwera. Ndinalemba pamlatho wa Kafue, pamwamba pa phiri lakuda la zotsalira za mgodi, ndi padenga la nyumba ina yayitali ku Ndola kumene mlonda ankandilola kukwera. Lamulo langa linali limodzi: pita dzulo lake masana, ima pamalopo, ika mwala pamene miyendo ya kamera idzaime, kuti m'bandakucha usamapapase. Ndinkanyada nako kabuku kameneko kuposa satifiketi yanga, ndipo sindinkabwereka munthu.

Chaka chimene filimu inasowa

Mwale anabwera ine nditakhala wojambula zaka zisanu ndi zitatu. Anali mnyamata wa ku Ndola, makolo ake ochokera ku Petauke, wa mpingo wa Mboni, wosalankhulalankhula, wovala malaya amodzimodzi ochapa bwino. Chifukwa tonse tinali a kum'mawa pakati pa anthu olankhula Chibemba, ndinamutenga ngati mng'ono wanga. Ndine ndinamuphunzitsa kulowetsa filimu m'chitini mumdima osaikanda, ndine ndinamuphunzitsa kuyesa kutentha kwa mankhwala ndi chala thamometa itasweka. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ine ndinaisunga kwambiri moti inandiwolera m'mimba.

Nthawi imeneyo zinthu zinkasowa m'dziko, sopo, mafuta ophikira, ndipo ku ofesi kwathu filimu. Aliyense ankapatsidwa mpukutu umodzi pa sabata. Ine ndinkaumaliza pofika Lachitatu n'kuyamba kupempha. Mwale ankafika Loweruka atajambula zithunzi mwina khumi zokha, ndipo mwa khumizo zisanu ndi zitatu zinkalowa m'nyuzipepala. Tsiku lina tinapita tonse ku mwambo wopereka mawotchi kwa anthu amene agwira ntchito nthawi yaitali. Ine ndinaima pamalo abwino, kutsogolo, n'kujambula manijala akugwirana chanza ndi aliyense. Mwale anazimiririka. Titatsuka mafilimu ndinapeza kuti iye anajambula chithunzi chimodzi chokha: mkazi wa mkulu wina wa m'mgodi ataima kunja kwa holo, atanyamula nsapato zake m'manja chifukwa zinkamuthina, akusuzumira pawindo kuti aone mwamuna wake akulandira wotchi. Ba Chilufya anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Awe mukwai, uyu mwana ali na menso." Mawu omwe aja anandiuza ine, koma kwa ine anali funso, kwa Mwale linali yankho. Ndinaseka nawo, ndinamugwira Mwale paphewa, ndipo madzulo amenewo chakudya sichinatsike.

Chinkandipweteka kwambiri n'chakuti mwanayo analibe kabuku. Sankaika mwala paliponse. Ankangoyenda manja m'thumba ngati munthu wosochera, zinthu n'kumamudzera zokha. Ndikanamupeza ndi khalidwe loipa ndikanapumako, koma sankamwa, sankanama, ndipo chithunzi chake chikatamandidwa ankati, "Ni ba Sakala ananiphunzitsa." Munthu wotere umamuda pati?

Ulendo wanga wa kunyanja, chaka cha chilala

Chaka china akuluakulu anafuna kuti pachikuto cha kalendala ya kampani pakhale nyanja yamchere, posonyeza kuti mkuwa wathu umafika kutali. Ananditumiza ine, monga wamkulu. Ndinakwera lole yonyamula mkuwa yopita ku doko la ku Tanzania, masiku anayi panjira, msana kuchita kuuma. Padokopo panali zitsulo ndi fumbi lokhalokha, ndipo alonda sankafuna kuona kamera. Dalaivala anandilangiza kuti ndipite ku Bagamoyo, tauni yakale chakumpoto, kumene kuli nyumba zamiyala zogumuka, zitseko zosema, ndi ngalawa zamatanga. Ndinali ndi m'mawa umodzi wokha, chifukwa lole inkabwerera tsiku lotsatira.

Ndinafika cha m'ma 11 koloko, ndipo ndinaima kukamwa kuli yasa. Ana anga, munthu wobadwira ku Wusakile, amene madzi aakulu amene anaonapo ndi Kafue, akaona nyanja koyamba amaiwala dzina lake. Koma ndinakumbukira lamulo langa. Ndinayenda gombe lonse kufunafuna poima. Kumsika wa nsomba kunali anthu ochuluka, kutchalitchi chakale mitengo ya kokonati inkatchinga kum'mawa. Kenako ndinapeza khoma la nyumba yakale ya msonkho, logumuka mbali imodzi, madzi akuwomba chapafupi, ngalawa zisanu zikuyandama kutsogolo kwake. Ndinaona chithunzi chonse m'mutu: khoma kumanzere, matanga pakati, dzuwa likutuluka m'madzi. Ndinaika mwala wanga, ndinalemba m'kabuku, ndipo sindinafunse munthu aliyense kanthu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

M'bandakucha ndinafika pamwala wanga ndi tochi, n'kuimika kamera. Ndinadabwa kuti kuli zii, mafunde osamveka. Kutayamba kuyera ndinaona chimene sindidzaiwala: nyanja kunalibe. Inali itapita kutali, kamzere chabe kumapeto kwa maso. Ngalawa zanga zisanu zinali gone chammbali pamatope ngati ng'ombe zodwala. Ndinayang'ana mwala, ndinayang'ana khoma, ndikuganiza kuti mwina ndasochera. Dzuwa silidikira munthu, linayamba kutuluka. Ndipo ngati kuti tsoka silinakwane, kunatulukira gulu la amayi ndi mabeseni, akupita kukatola nkhono za m'nyanja pamchengapo, n'kudutsa pakati penipeni pa chithunzi changa. Ndinawakuwira, ndinawakupiza ndi chipewa kuti achoke. Anandiyang'ana, anaseka, napatuka. Ndinajambula matope mpukutu wonse.

Pakhomapo panali mkulu wina wa ndevu zoyera akusoka ukonde. Ndi Chiswahili chochepa chimene tinkatola kwa anthu a ku Congo pamsika, ndinamufunsa kuti madzi apita kuti. Anaseka mpaka misozi. Kenako analoza kumwamba, kumene mwezi unali ukuonekabe, theka lokha. Anajambula pamchenga ndi chala kuti ndimvetse. Madzi amapita ndi kubwera kawiri patsiku, ndipo nthawi yake imatsata mwezi. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukafa, dzuwa limatuluka madzi ali pakhoma. Ukakhala theka, m'mawa umapeza mchenga. "Ubwere pakatha sabata," anatero. Zimenezi tinaphunzirapo kusukulu, koma zinali za pamayeso, ngati mayina a mitsinje ya ku Ulaya. Ndinazilemba m'kabuku n'kukakwera lole.

Ku ofesi Ba Chilufya anayala zithunzi patebulo nati, "Ba Sakala, takutumani ku nyanja, mwatiletela matope?" Aliyense anaseka. Manyazi anandigwira, ndipo bodza linatuluka lokha. Ndinati, "Bwana, ni chilala. Nyanja nayo yauma chaka chino." Ndinkayembekeza kuti wina anditsutsa. Koma chaka chimenecho Kafue inali itaphwa mpaka miyala kuonekera, chimanga chitapserera m'minda, ndipo Ba Chilufya, munthu wophunzira mpaka ku koleji, anagwedeza mutu mwachisoni nati, "Kanshi yafika na kuja." Ofesi yonse inakhulupirira, ndi Mwale yemwe. Pakalendala anaikapo chithunzi changa chakale cha shafuti.

Chaka cha kupuruna

Chaka chotsatira mvula inagwa yambiri, koma kumgodi kunagwa zina. Kampani inayamba kuchotsa anthu ntchito, tinkati kupuruna, ngati mmene amadulira nthambi za mtengo. Ku Wusakile munthu ankapita m'mawa ndi chisoti n'kubwera masana ndi kalata. Ba Chilufya anatiitana awirife natiuza mosabisa kuti chaka chikamatha nyuzipepala idzatsala ndi wojambula mmodzi. Anawonjezera kuti popeza mvula yagwa ndipo nyanja iyenera kuti yadzaza, ayesanso chithunzi chija, koma ulendo uno apite Mwale. "Ba Sakala, imwe mwaziba njila, mumukonzele ulendo."

Ndinatuluka mu ofesimo makutu akulira. Panthawiyo munalipo asanu ndi mmodzi, womaliza ali kumsana, ndipo nyumba inali ya kampani. Ntchito ikatha, nyumba yatha. Koma ndisabisale kumbuyo kwa inu, chifukwa limenelo ndi bodza limene ndadziuza zaka zambiri. Chimene chinkandiotcha sichinali njala. Chinali kuganiza kuti Mwale akaima pakhoma langa, pamwala wanga, madzi ali odzaza, n'kubwera ndi chithunzi chimene chinali m'mutu mwanga, ndipo anthu adzati pamene mkulu analephera mwana wakhoza.

Malole ankanyamuka Lolemba lililonse. Pakhoma la ofesi panali kalendala ya parishi yathu, imene inkaonetsa timiyezi tating'ono pamasiku, wathunthu, watheka, wakufa. Ndinaima pamenepo ndikuwerenga ndi chala. Akanyamuka Lolemba loyamba, m'mawa wake wa ku Bagamoyo ugwera pa mwezi wathunthu. Akanyamuka lachiwiri, ugwera pa theka. Ndinatenga fomu ya ulendo. Sindinachite mwangozi, sindinaiwale, sindinasokoneze masiku. Ndinalemba Lolemba lachiwiri ndi dzanja lokhazikika, kalendala ya tchalitchi ikundiyang'ana.

Loweruka lake Mwale anabwera kunyumba, atanyamula mbatata za amayi anu. Anakhala pampando wa pakhonde, manja pamaondo, nati, "Akulu, muniuzeko poimilila. Nili chabe na m'mawa umozi, nikaphonya ndiye basi yasila." Ndinatulutsa kabuku kanga kakuda, koyamba m'moyo kukaonetsa munthu. Ndinamujambulira mapu: msika wa nsomba upewe, kutchalitchi kuli mitengo, pita kukhoma la nyumba ya msonkho, mbali yogumukayo ikhale kumanzere. Tsamba lotsatira, pamene ndinalemba za mwezi, ndinalipsinja ndi chala chachikulu. Anakopera zonse mosamala. Ponyamuka anafunsa kuti, "Kuli vinangu vamene nifunika kuziba?" Ndinati, "Palibe. Ukauke chabe ziro faifi, kusanache." Anandithokoza ndi manja awiri. Amayi anu anandiuza madzulowo kuti ndachita bwino kumuthandiza mwana wa eni, ndipo ine ndinavomera.

Masiku khumi amene anachokawo ndinkayenda mopepuka, ndivomereze. Ndinkaona kale nkhope ya Ba Chilufya ikuyang'ana matope kachiwiri. Lamlungu ndinapita ku Misa, ndinaimba nawo kwaya, koma pamzere wa kulapa ndinaima pang'ono n'kutulukamo ngati ndaiwala kanthu panja.

Atabwerako

Mwale anabwera atada ndi dzuwa, wosalankhula kuposa kale. Filimu yake anatsuka yekha. Anandiitana m'chipinda chamdima pepala lili m'mankhwala, ndipo ndinaona chithunzicho chikutuluka pang'onopang'ono pansi pa getsi lofiira. Khoma linali kumanzere, monga ndinamuuzira. Madzi kunalibe, monga ndinakonzera. Koma mchenga wonyowawo unali utasanduka galasi, dzuwa lili kumwamba ndi pansi pomwe, ngalawa zogona zija zikuoneka ngati zikupuma, ndipo pakati penipeni pankayenda amayi a mabeseni, zithunzithunzi zawo zitatalika mpaka pamapazi a wojambula. Ndinawazindikira. Anali amayi omwe aja ndinawathamangitsa ndi chipewa. Ndinaima pamalo omwewo, ndinaona zomwezo, ndipo ine ndinakuwa kuti achoke. Ndinathokoza kuti m'chipindamo munali mdima.

Ba Chilufya atachiona anaimirira pampando. Anaitana akuluakulu a pamwamba, anaitana ndi mlembi yemwe. Wina mwa akuluakuluwo, amene anakhalapo kunja, ananena kuti chithunzi chotere chimatheka pokhapokha madzi atabwerera, ndipo munthu ayenera kudziwa masiku ake. Apo m'pamene bodza langa la chilala likanafera, koma palibe amene analikumbukira m'chisangalalocho. Ba Chilufya anatembenukira kwa Mwale. "Nanga siku iyi anasankha ni ndani?" Mwale sanandiyang'ane. Anati, "Siku anasankha ni ba Sakala. Na poimilila ni beve ananilangiza."

Ba Chilufya anandigwira chanza ndi manja onse. Anati tsopano amvetsa: chaka chatha ndinapita kukaphunzira malo, chaka chino ndatuma mwana pa tsiku loyenera, umenewo ndiye ukulu. Anati kudina kamera angadine aliyense, koma mutu wokonza ntchito ndi wosowa. Ndinali ndi mpata wolankhula. Ofesi inali chete, onse akundiyang'ana ndi ulemu umene ndinaufuna zaka zonse. Ndikanangoti, bwana, tsikulo ndinasankha kuti alephere. Mawu ochepa chabe. Ndinatsegula pakamwa ndipo chimene chinatuluka n'chakuti, "Ni experience, bwana."

Chithunzi chinalowa pakalendala popanda dzina la wojambula, monga mwa mwambo wa kampani. Mu Disembala kalata inapita kwa Mwale. Anapukuta kamera ya kampani, anaiika m'bokosi lake, anatsanzika aliyense ndi chanza, ndi ine ndemwe. Ine ndinakhalabe mpaka nyumba zinagulitsidwa kwa okhalamo, ndinagulitsa ya ku Wusakile n'kupeza ya ku Riverside, ndipo nonse munamaliza sukulu. Chithunzicho ndinachikulitsa ndekha n'kuchipachika pabalaza. Amayi anu ankaganiza kuti ndikunyada nacho. Ine ndinkachiyang'ana m'mawa uliwonse kufunafuna cholakwika, pena pamene sipanaoneke bwino, pena popendekeka, ndipo sindinapezepo.

Garneton, chaka chatha

Za Mwale ndinkangomva kwa anthu. Anatsegula kashopu kojambula zithunzi za mapasipoti ndi maukwati ku Ndola, kanayenda bwino mpaka mafoni anapha ntchito yathu, kenako anagula kapuloti ku Garneton n'kumaweta nkhuku. Chaka chatha, amayi anu atatisiya, ndinamva kuti matenda a shuga amutha maso. Ndinene zoona, chinthu choyamba chimene chinabwera mumtima mwanga sichinali chisoni. Ndinachita mantha ndi mtima wangawo, ndipo m'mawa mwake ndinakwera minibasi.

Ndinamupeza atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, akusankha mazira ndi manja, aakulu mbale ina, aang'ono ina. Ndisanalankhule anati, "Ba Sakala. Mukali kukoka mwendo wa kumanzele." Mkazi wake anandipatsa mpando natisiya. Tinakamba za maliro, za mitengo ya chakudya cha nkhuku, za Ba Chilufya amene anamwalira kalekale. Kenako ndinangoyamba, osayang'ana nkhope yake ngakhale sankandiona. Ndinamuuza za mkulu wa ukonde, za kalendala ya parishi, za tsamba limene ndinapsinja ndi chala. Ndinati, "A Mwale, tsiku lija ndinakusankhirani kuti mukapeze matope."

Anapitiriza kusankha mazira. "Ninaziba," anatero.

"Munadziwa liti?"

"Pamene paja pa chipupa. Mudala wa ndevu uja ananipeza nayimilila monga chisilu, nyanja kulibe. Anaona chola cha kampani, anati, iwe ndiwe wa ku Zambia? Nanga munzako wa chaka chatha sanakuuze za mwezi? Anati anakulembelani pansi na chala." Anaika dzira m'mbale. "Ninankala pa mwala wanu uja, ba Sakala, ninalila. Osati pa nchito, koma pali imwe. Nili pakati polila, nawona azimai abwela. Ninapukuta menso, najambula."

Ndinafunsa chimene chinandibweretsa. "Nanga bwanji simunanene kwa Ba Chilufya?"

"Ananifunsa wamene anasankha siku. Ninayanka zoona. Vinangu sananifunse." Anatola dzira lina. "Musaganize ati sininakalipe. Zaka zibili nikakuonani mu town ninali kujumpa msewu. Koma ninaganiza pa lole pobwela, masiku folo. Ninati ine olo anichose, nizadya na menso yanga kulikonse. Manje ba Sakala, kunja kwa kampani, na kabuku kao, na bana sikisi, bazachita bwanji?"

Ana anga, ndinapita kumeneko nditakonzeka kutukwanidwa. Ndinali wokonzeka ngakhale kukhululukidwa. Koma kumva kuti munthu amene ndinamukumbira dzenje anandiyeza pa lole masiku anayi, n'kupeza kuti ndine wosatha kudziimira, n'kundisiyira ntchito ngati mmene umasiyira mpando munthu wolumala m'basi, zimenezo sindinazikonzekere. Sananene monyoza, n'chifukwa chake zinalowa mpaka m'fupa. Ndipo ankanena zoona. Nsanje imene ndinkaganiza kuti ndabwera kudzaitula inadzuka yonse, chifukwa ngakhale pa ubwino wa mtima mwanayu anali atandipitirira.

Ndinamuuza kuti chithunzicho chili pabalaza panga ndipo ndidzachibweretsa, ndi chake. Anaseka. "Nizachita nacho chani, na menso aya? Chisungeni. Muchiona masiku yonse?"

"Tsiku lililonse," ndinatero.

"Azimai baja ni bangati?"

"Seveni."

"Ni eyiti," anatero, akupapasa dzira lina. "Mukayanganisise kumbuyo kwa boti ya kumapeto. Ninayembekeza uja kuti abelame, ndiye ninadina."

Ndinatsanzika, anandipatsa mazira khumi ndi awiri m'pepala, ndinawakana, mkazi wake anandiikira m'chola. Nditafika kunyumba sindinavule ngakhale jekete. Ndinatsitsa chithunzicho pakhoma, ndinapita nacho pawindo, ndinavala magalasi. Kumbuyo kwa ngalawa yomaliza, pamene zaka zonsezi ndinkaona ngati mthunzi wa chiwongolero, pali mayi wowerama, msana wokha ndi m'mphepete mwa beseni zikuoneka, dzanja lili mumchenga. Zaka makumi atatu ndikufunafuna cholakwika pachithunzicho, munthu wathunthu sindinamuone. Wakhungu anachita kundilozera ali ku Garneton.

Ndachibwezera pakhoma, ndipo kumbuyo kwake ndalemba dzina la mwini wake ndi inki. Nsanje sinathe, ndisakunamizeni, ndipo pa msinkhu uno sindikhulupirira kuti idzatha. Chimene ndingathe n'chimodzi chokha. Kuyambira lero, mlendo akafunsa, muziti anajambula ndi a Mwale a ku Garneton. Akawerenga n'kunena kuti amayiwo ndi asanu ndi awiri, mumuuze ayang'anenso.